Dziŵani Dzina la Mankhwala Anu

Mawu olankhulidwa kwa ophunzira a Sukulu ya Kwacha ku Chitawira, mumzinda wa Blantyre

  

Lero sitiphunzira a, e, i, o, u. Zimenezo munazitha kale. Lero tikambirana za mankhwala.

Mankhwala akwera mtengo. Palibe amene sakudziŵa zimenezi. Munthu amapita kuchipatala. Dokotala amamupima bwinobwino ndi kumulembera mankhwala. Akafika pazenera amamva mawu aja timawadziŵa tonse: "Aŵa atha, mukagule." Munthu uja amatuluka atagwira buku lake lakuchipatala. M'thumba muli ndalama ya ufa yokha. Tsono agule ufa kapena agule mankhwala?

Ine sindine dokotala. Ndine mphunzitsi. Sindikuuzani mankhwala oti mumwe, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya achipatala. Changa ndi chimodzi chokha: munthu wodziŵa kuŵerenga dzina la mankhwala ake amaononga ndalama zochepa, ndipo sanyengedwa msanga. Inu tsopano mumaŵerenga. Tiyeni tione m'mene kuŵerengako kungatetezere thumba lanu ndi moyo wanu.

Chifukwa chiyani mankhwala akudula?

Mankhwala ambiri amene timamwa sapangidwa kuno ku Malaŵi. Amachokera kunja, makamaka ku India. Kunjako salandira kwacha. Amafuna ndalama zakunja, monga dola ya ku America. Kwacha ikachepa mphamvu, mtengo wa mankhwala umakwera.

Mukukumbukira zimene zinachitika. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100. Mu November 2023 inatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100. Dola imodzi imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Piritsi silinasinthe ayi. Linali lomwe lija. Koma kuti lifike kuno panafunika makwacha ambiri kuposa kale.

Mankhwala a m'zipatala za boma amagulidwa ndi kugaŵidwa makamaka ndi bungwe la Central Medical Stores Trust. Nalonso limagula kunja. Ndalama zakunja zikasoŵa, mankhwala amachedwa kufika, ndipo mashelefu amakhala opanda kanthu. Choncho mlongo wapazenera akakuuzani kuti atha, musamukalipire. Si iye amene amatsitsa kwacha.

Ife sitingasinthe mtengo wa dola. Koma zilipo zinthu zimene tingathe kuchita.

Choyamba: yambani kuchipatala cha boma

M'zipatala za boma, kupimidwa ndi kulandira mankhwala n'kwaulere, kupatula m'zigawo zolipira zimene munthu amasankha yekha. Ife a ku Chitawira tili ndi mwayi. Chipatala cha Zingwangwa chili pafupi. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chija timati cha Gulupu, nachonso sichili kutali. Anzathu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Limbe ndi South Lunzu ku Machinjiri ali ndi zipatala zawo zazing'ono. Yambani kuchipatala chaching'ono. Matenda akakhala aakulu, iwo adzakutumizani ku Gulupu.

Ndikudziŵa, mzere umatalika. Munthu wogulitsa mandasi akakhala pamzere m'maŵa wonse ndiye kuti malonda agona. Koma taganizani. Munthu amamva kutentha thupi. Amangoti ndi malungo, nathamangira kukagula mankhwala a malungo. Amamwa, osachira. Amagulanso ena. Pamapeto pake amapitabe kuchipatala, ndalama zitatha, matenda atakula. Kutentha thupi kulikonse si malungo ayi. Kuchipatala cha boma amabaya chala ndi kuyeza magazi kwaulere. Akapeza malungo amapereka LA kwaulere. Mankhwala odula kuposa onse ndi aja mwagulira matenda amene mulibe.

Mankhwala a chifuŵa chachikulu ndi aulere. Ma ARV ndi aulere. Katemera wa ana ndi waulere. Munthu wina akakuuzani kuti mulipire zimenezi pachipatala cha boma, kanani, ndipo kaneneni kwa akuluakulu a chipatalacho kapena kwa a komiti ya chipatala.

Zipatala za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, monga cha Mlambe ku Lunzu, zimalipiritsa. Koma zina mwa izo zimagwirizana ndi boma kuti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono athandizidwe osalipira. Mukapita kumeneko, funsani ngati mgwirizano wotere ulipo.

Chachiŵiri: musachoke pazenera musanafunse

Akakuuzani kuti mankhwala atha, musangotembenuka. Funsani mwaulemu mafunso atatu.

Kodi alipo ena ogwira ntchito yomweyo amene dokotala angandilembere?

Kodi aŵa abwera liti?

Ngati ndigula, ndikagule dzina liti, ndipo angati?

Nthaŵi zina dokotala amalemba mankhwala atatu, ndipo atha ndi amodzi okha. Landirani aŵiriwo. Pemphani akuikireni chizindikiro m'buku pa dzina la amene atha. Ngati zolemba za dokotala sizikuŵerengeka, pemphani akulembereni dzinalo m'zilembo zazikulu. Musachite manyazi. Ngakhale ife aphunzitsi zolemba za madokotala zimatipiringiza mutu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chachitatu: mankhwala ali ndi mayina aŵiri

Apa ndipo pagona nkhani yathu. Tcherani khutu.

Mankhwala ambiri ali ndi mayina aŵiri. Pali dzina lenileni la mankhwalawo. Palinso dzina lamalonda limene kampani yapereka. Dzina lamalonda limalembedwa m'zilembo zazikulu zokongola. Dzina lenileni kaŵirikaŵiri limalembedwa m'zilembo zazing'ono pansi pake.

Taonani mayina aŵa. Ena mumawadziŵa kale.

Panado: dzina lake lenileni ndi paracetamol.

Brufen: dzina lake lenileni ndi ibuprofen.

Bactrim: dzina lake lenileni ndi co-trimoxazole.

Flagyl: dzina lake lenileni ndi metronidazole.

Makampani ambiri amapanga paracetamol. Ina imaika m'bokosi lokongola ndi kulengeza pawailesi. Ina imangoika m'botolo lalikulu, ndipo wogulitsa amakuŵerengerani m'kapepala. Zili ngati ufa. Wina amagula ufa wa m'pepala lolembedwa bwino m'sitolo yaikulu. Wina amatenga chimanga kupita nacho kuchigayo. Madzulo onse aŵiri amadya nsima. Ngati dzina lenileni ndi limodzi, mphamvu yake ndi imodzi, ndipo mankhwalawo ndi ololedwa ndi boma, ndiye kuti ntchito yake m'thupi ndi imodzi. Chimene chimasiyana ndi mtengo.

Tsono mukaloŵa m'sitolo ya mankhwala, imene ena amati famase, onetsani buku lanu ndi kunena kuti, "Ndikufuna mankhwala aŵa. Kodi muli nawo a kampani ina otsika mtengo, a dzina lenileni lomweli?" Wogulitsa wophunzira ntchito yake adzakumvetsani.

Kudziŵa dzina lenileni kumatetezanso moyo. Munthu wosadziŵa amamwa Panado, kenaka namwanso paracetamol wa kuchipatala, poganiza kuti ndi mankhwala aŵiri osiyana. Pamenepo wamwa mankhwala amodzi kaŵiri. Wataya ndalama, ndipo paracetamol akachuluka m'thupi amaononga chiŵindi.

Chenjezo limodzi: mankhwala ena, monga a khunyu, safuna kusinthasintha. Amene mumamwa otere, funsani dokotala musanasinthe kampani.

Phunziro la ma ARV

Mwina wina akuti, "Aphunzitsi, zotsika mtengo zimakhala zabodza." Tamverani nkhani iyi. Ndi yoona, ndipo inakhudza mabanja athu.

Kampani ikatulukira mankhwala atsopano, lamulo limaiteteza kwa zaka 20 kuti ena asapange mankhwala omwewo popanda chilolezo chake. Pa nthaŵi imeneyo kampaniyo imaika mtengo umene ikufuna. M'chaka cha 2000, ma ARV a munthu mmodzi a chaka chimodzi ankagulidwa madola oposa 10,000 kumaiko olemera. Kuno kwathu ndani akanakwanitsa? Anthu ankangomwalira. Akuluakulu muli pano mukukumbukira maliro a masiku amenewo.

Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India, motsogozedwa ndi Yusuf Hamied, inanena kuti ikhoza kugulitsa mankhwala omwewo pa madola 350 pa chaka. Imeneyo sikwana dola imodzi pa tsiku. Malamulo a ku India a nthaŵi imeneyo ankalola kupanga mankhwala otere. Mitengo inagwa. Mu 2004 boma la Malaŵi, mothandizidwa ndi thumba la Global Fund, linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala. Anthu mazanamazana amene tinkati apita anadzuka, nabwerera kuntchito, nalera ana awo.

Mankhwala amene anawadzutsa sanali a bokosi lodula ayi. Anali a dzina lenileni lomwelo, opangidwa ndi makampani ena. Choncho kutsika mtengo pakokha si umboni wakuti mankhwala ndi oipa. Chofunika ndi malo amene mwawagula.

Chachinayi: ŵerengani manambala

Pambali pa dzina pamakhala nambala ndi zilembo ziŵiri: mg. Zilembo zimenezi zikuimira miligalamu, muyeso wa mphamvu ya piritsi. Piritsi la 500 mg lili ndi mphamvu kaŵiri kuposa la 250 mg. Dokotala akalemba 500 mg, onani kuti pa paketi palembedwanso 500 mg. Zikasiyana, funsani kuti muzimwa angati.

Pakapepala ka mankhwala amalembanso chonchi: 1 x 3. Ndiye kuti piritsi limodzi, katatu pa tsiku. Akalemba 2 x 2, ndi mapiritsi aŵiri, kaŵiri pa tsiku. M'buku madokotala amakonda kulemba zilembo zachidule. Akalemba od ndi kamodzi pa tsiku. Akalemba bd ndi kaŵiri. Akalemba tds ndi katatu.

Apa masamu aja munaphunzira agwire ntchito. Piritsi limodzi katatu pa tsiku, kwa masiku 5, ndi mapiritsi angati? Inde amayi, ndi 15. Mukagula 20 mwataya ndalama. Mukagula 10 simuchira bwino. Ŵerengani musanapereke ndalama.

Tiyerekeze chabe. Bambo wina amamwa piritsi limodzi tsiku lililonse. M'sitolo ina piritsilo ndi K250. M'sitolo ina, la dzina lenileni lomwelo, ndi K100. Pa mwezi wa masiku 30, koyamba alipira K7,500. Kwachiŵiri alipira K3,000. Kusiyana kwake ndi K4,500 pa mwezi. Pa chaka ndi K54,000. Mitengo imeneyi ndangoyerekeza, koma masamu ake ndi oona. Choncho funsani mtengo m'masitolo aŵiri kapena atatu, ndipo lembani m'kope lanu. Pogula tomato pamsika mumazungulira kaye. Bwanji pogula mankhwala?

Onaninso zilembo izi: EXP. Zimasonyeza mwezi ndi chaka chimene mankhwala adzathere mphamvu. Akalemba EXP 08/2029 ndiye kuti ndi mwezi wachisanu ndi chitatu, August, chaka cha 2029. Nthaŵiyo ikadutsa, musagule ndipo musamwe, ngakhale akutsitsireni mtengo.

Njira zooneka zopulumutsa ndalama, koma zodula

Ndalama zikachepa, munthu amafuna njira yachidule. Zilipo njira zitatu zimene ndikupemphani muzipeŵe.

Yoyamba ndi kugula mankhwala pamsika, pamsewu kapena kwa munthu woyenda ndi chikwama. Mapiritsi aja amakhala padzuŵa tsiku lonse, ndipo kutentha kumaononga mankhwala. Ena alibe paketi, kotero simungaŵerenge dzina kapena tsiku lotha mphamvu. Ena ndi obedwa m'zipatala za boma. Mukagula amenewo, ndiye kuti mukulipira mankhwala amene munayenera kulandira kwaulere, ndipo mukulimbikitsa wakubayo. Ena ndi achinyengo. Mu 2017 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa mankhwala 10 aliwonse, amodzi amakhala achinyengo kapena osakwana mphamvu. Kuno kwathu bungwe loyang'anira mankhwala ndi masitolo ake ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, mwachidule PMRA. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019. Sitolo yoyenera imakhala ndi chiphaso cha bungwe limeneli. Muli ndi ufulu wopempha kuchiona.

Yachiŵiri ndi kusiyira mankhwala panjira. Munthu amamwa masiku aŵiri, napeza bwino, nasunga otsalawo kuti adzamwe tsiku lina. LA amamwedwa kaŵiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndiye kuti kasanu ndi kamodzi. Mukalekeza pakati, tizirombo tina timatsala tamoyo. Matenda amabwerera, ndipo mumayambanso kufuna mankhwala. Tizirombo tikazoloŵera mankhwala, mankhwalawo amasiya kugwira ntchito. Akuluakulu mukukumbukira chloroquine. Anali wotsika mtengo, koma anasiya kupha malungo, ndipo mu 1993 dziko lathu linasinthira ku Fansidar. Nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinayamba LA. Kumwa mankhwala moperewera ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimalimbitsa tizirombo. Chimodzimodzi ndi makapusozi a amoxicillin. Imwani monga dokotala wanenera.

Yachitatu ndi kugaŵana mankhwala. Ife ndife anthu ogaŵana, ndipo ndi khalidwe labwino. Gaŵanani ndiwo, gaŵanani mchere. Koma mankhwala ayi. Matenda aŵiri akhoza kuoneka ofanana, koma ali osiyana. Muyeso wa munthu wamkulu si muyeso wa mwana. Mankhwala ena ndi oopsa kwa mayi woyembekezera.

Kwa amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku

Tsopano ndilankhule ndi inu a matenda okhalitsa: kuthamanga kwa magazi kumene timati BP, shuga, mphumu ndi khunyu. Inu ndi amene mtolo uwu umakulemerani kwambiri, chifukwa mankhwala anu alibe tchuthi.

BP ndi matenda achinsinsi. Kaŵirikaŵiri munthu samva kuŵaŵa kulikonse. Ndalama zikavuta amati, "Ndikupeza bwino, mwezi uno ndipume kaye." Kapena amathyola piritsi pakati kuti akhalitse. Koma magazi amakhala akuthamangabe. Tsiku lina mtsempha wa m'mutu umaphulika kapena kutsekeka, ndipo munthu amafa ziŵalo. Amene ankadyetsa banja amasanduka wodyetsedwa. Wina m'banjamo amasiya ntchito kuti azimusamala. Taŵerengani mtengo wa zimenezo, muuyerekeze ndi mtengo wa piritsi.

Tsono chitani izi. Lembani patsamba loyamba la kope lanu dzina lenileni la mankhwala anu, mphamvu yake, ndi kamwedwe kake. A BP mwina mudzapeza mayina monga hydrochlorothiazide kapena amlodipine. A shuga mwina mudzapeza metformin kapena glibenclamide. Ndi mayina aatali, eetu. Koma munthu amene anaphunzira kulemba dzina lake atakula sangalephere kukopera dzina la piritsi lake.

Musadikire kuti piritsi lomaliza lithe. Ŵerengani otsala. Akatsala a sabata imodzi, yambani kukonzekera. Musaphonye tsiku lanu la kuchipatala. Ngati simungathe kugula zimene akulemberani, muuzeni dokotala mosabisa kuti, "Adokotala, aŵa sindingakwanitse." Iye akhoza kukusankhirani ena otsika mtengo, kapena kukuuzani amene simuyenera kuphonya ngakhale tsiku limodzi. Umphaŵi si mlandu. Chimene chimapha ndi kungokhala chete.

Sungani mankhwala pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi mbaula, kutali ndi dzuŵa, ndiponso pamene ana sangafikire. Mankhwala oonongeka ndi ndalama zotayika. Chepetsani mchere m'ndiwo. Chepetsani shuga m'tiyi. Siyani fodya. Zimenezi siziloŵa m'malo mwa mankhwala, koma zimathandiza kuti matenda asakule, ndipo sizilira ndalama.

Tithandizane

Mutu umodzi susenza denga. Ambiri mwa inu muli m'magulu a banki m'khonde kapena a chipereganyo. Magulu ambiri ali ndi kathumba kapadera ka mavuto. Kaŵirikaŵiri kathumbako timakatsegula pa maliro. Bwanji osakatsegulanso munthu akadali moyo? Kambiranani m'gulu lanu. Lembani lamulo lakuti membala amene wasoŵa mankhwala olembedwa ndi dokotala akhoza kuthandizidwa kapena kubwereka popanda chiwongoladzanja. Mlembi alembe zonse m'buku kuti pasakhale kukangana.

Amene muli pantchito yolembedwa, kapena muli ndi mwana wogwira ntchito pakampani, funsani ngati pali chithandizo cha zachipatala monga cha MASM, ndiponso ngati mkazi, mwamuna kapena ana angalembetsedwe.

Pakhomo napo, ikani padera kandalama ka mankhwala tsiku limene mwalandira, monga mumachitira ndi ndalama ya lendi. Matenda sapangana tsiku.

Chomaliza ndi ichi. Pafupi ndi nyumba yanu pali agogo kapena mnansi amene sadziŵa kuŵerenga. Iye amadziŵa mankhwala ake ndi mtundu wokha: koyera, kachikasu, kofiira. Kampani ikasintha, mtundu umasintha, ndipo iye amasokonezeka. Mwina amaleka kumwa. Mwina amagula ena pamene ali nawo kale. Inu muŵerengereni. Mumuperekeze pogula. Umenewo ndiwo mphindu wa sukulu yathu.

Sabata yamaŵa aliyense abwere ndi paketi yopanda kanthu ya mankhwala. Tidzafufuza pamodzi dzina lenileni, nambala ya mg ndi tsiku la EXP. Amene simufuna kuti anzanu adziŵe matenda anu, bweretsani paketi ya Panado.  

Mafunso

1. Chifukwa chiyani mtengo wa mankhwala umakwera kwacha ikachepa mphamvu?

2. Tchulani mafunso atatu ofunsa pazenera akakuuzani kuti mankhwala atha.

3. Kodi dzina lenileni la Panado ndi chiyani?

4. Dokotala walemba 2 x 3 kwa masiku 5. Mugula mapiritsi angati?

5. Kodi zilembo za EXP zimasonyeza chiyani?

6. Fotokozani kuipa kogula mankhwala pamsika.

Ntchito

Lembani m'kope lanu dzina lenileni la mankhwala amodzi amene ali m'nyumba mwanu, mphamvu yake, ndi tsiku limene adzathere mphamvu.